Thanthwe la M'chitsime cha Amayi

Amalume anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi nyundo yaifupi, ya mpini wakuda ndi thukuta. Inkakhala yosomeka kudenga la khonde, ndipo ife ana sitinkaloledwa kuikhudza. Inatsika chilimwe chimene ng'ona inandigwira mwendo padooko la mtsinje, kwathu ku Liwaladzi.

Ndinapulumuka chifukwa mayi wina anaimenya ndi ndowa m'maso. Nditatuluka m'chipatala cha ku Boma, ndikuyendera ndodo, amayi ananena kuti mwana wawo sadzapondanso kumtsinje. Bambo anali atamwalira kale, choncho amayi anatenga okha khasu n'kuyamba kukumba chitsime kuseri kwa nyumba. Anthu ankadutsa akupukusa mitu. Ngakhale masiku oyeserera magule a chipani, amene palibe mkazi ankayerekeza kujomba, amayi ankabwerako fumbi lili m'miyendo n'kulowanso m'dzenje. Ine ndinkakhala pamwamba, bala likuyabwa, n'kumakhuthula dothi.

Dzenje litapitirira msinkhu wa munthu, khasu linalira pathanthwe. Amalume anatsika ndi nyundo yawo. Ankagogoda pang'onopang'ono, khutu lili pafupi ndi mwala. Pansi pankalira mokweza, ngwe ngwe, ndipo anati pamenepo ndi polimba, pofunika moto. Koma m'khoma la kum'mawa munatulukira chimwala chimene chinkalira ngati ng'oma yonyowa. Anatisonyeza kamzere kowonda ngati ulusi m'mphepete mwake, nati mng'aluwo wapita patali kumbuyo, ndipo chimwalacho chidzagwa. Anayesa kuchigwetseratu ndi chitsulo, koma sichinasunthe.

Amayi anafunsa kuti chidzagwa liti.

"Tsikulo sindingalidziwe, achemwali. Mwina mawa, mwina adzukulu anu atakula."

Mwana wanga wamkazi lero amayeza miyala yomangira milatho. Amaipana m'makina mpaka iphwanyike, n'kudziwa katundu amene ingasenze. Koma nayenso ndikamufunsa za tsiku limene phiri lingagumuke, amaseka n'kunena kuti angondiuza poyenera kusamala.

Amayi sanasiye. Ankaunjika nkhuni pathanthwe, moto n'kuyaka tsiku lonse, kenako n'kuthira madzi amene ankakatunga okha kudooko lomwe lija. Thanthwe linkaphulika ngati mfuti, nthunzi yonunkha phulusa n'kutuluka m'dzenje. M'mawa mwake ankatsika kukachotsa zibenthu, manja ali matuza okhaokha. Amalume anasomeka kansungwi mumng'alu muja, ndipo amayi akakhala m'dzenjemo, iwo ankakhala pamwamba maso ali pakansungwiko. Anati kakadzagwa kokha, ndiye kuti mng'alu watseguka.

Kanagwa masana ena dzuwa lili paliwombo, pamsana pa amayi penipeni, kamchenga n'kumayoyoka pambuyo pake.

"Tulukani, achemwali. Musatenge chilichonse."

Amayi anakwera ali okwiya, chifukwa tsiku lomwelo pansi panali patayamba kunyowa. Chimwala sichinagwe. Mawa lake sichinagwenso. Anthu anayamba kunena kuti migodi inawasiyira amalume mantha, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana kunyanja. Mvula ikanagwa, dzenje lonse likanakwiririka ndi matope. Amayi anamanga chitenje m'chiuno kuti atsike, koma amalume anazula makwerero, kuwagoneka pansi n'kukhalapo. Amayi anawakalipira mpaka mawu anasasa. Ine ndinali kumbali ya amayi, ndipo mpaka lero sindinena kuti analakwa. Iwo ankaopa ng'ona kuposa mwala.

Chinagwa m'mawa wina tikumwa phala. Nthaka inagwedezeka pansi pa mphasa, nkhuku zinabalalika, fumbi lofiira linakwera kupitirira denga. Pamene amayi ankagwada masiku onsewo panali patakhala chimwala chachikulu ngati ng'ombe, khasu ndi ndowa zili pansi pake. Amayi anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandituma kuti ndikabwereke khasu kwa anansi. Chimwalacho anachiotchanso, n'kuwakira zibenthu zake m'mbali mwa chitsime. Madzi anatuluka mvula yoyamba isanagwe. Ankamveka utsi pakamwa, koma tinamwa.

M'mawa umene chinagwa uja, anthu atadzaza pabwalo n'kumatama amalume, eni akewo sankaoneka. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe atakhala pansi, akulira, akutchula maina a anthu amene sindinawamvepo. Ndinawauza monyadira kuti aliyense akuti ananena zoona. Sanandiyang'ane.

Amayi anadzandiuza amalume atamwalira kuti kumgodi kuja, iwo ndi amene ankagogoda denga anzawo asanalowe, ndipo m'mawa wina ananena kuti lili bwino, koma linawagwera anzawowo. Tsiku lija ine sindinkadziwa zimenezo. Ndinangoima potero, ndikudabwa kuti munthu amene wapulumutsa mlongo wake akulirira chiyani.