Lewa, Adatero Luiza

Masana akaphulitsa miyala ku mgodi wa ku Chipanga, malata a nyumba yanga kuno ku Moatize amanjenjemera, fumbi lakuda n'kuyamba kutera pa zovala zoyanika. Adzukulu anga sacheuka n'komwe. Ine khosi limatsika lokha, mapewa n'kukwera mpaka m'makutu, ndipo m'mphuno mumabwera fungo limene kuno kulibe: dothi lozizira la m'munda wa mbatata ku Zobue, nyengo yachisanu ija ndidakhala wosayankhula.

Ndidafika ku Zobue ndili pamsinkhu woweta mbuzi, nkhondo itatentha mudzi wathu. Anthu amene ndidathawa nawo adawoloka malire kulowa m'Malawi, koma ine adandisiya pakhonde la tchalitchi chifukwa mapazi adali atatupa. Adanditola ndi mayi Anastaziya, mkazi wamasiye wopanda mwana wobereka yekha, amene ankalima mbatata ndi nyemba m'mbali mwa phiri. Adandibereka kumbuyo ngati khanda, miyendo yanga ikuwamenya m'mawondo. M'njira adandifunsa dzina, sindidayankhe. Mawu adali atatsalira kumudzi.

Pakhomopo ndidapeza mwana wina wotoledwa, Luiza, wamkulu pang'ono kwa ine. Iye adachokera kumunsi, kufupi ndi Moatize, kumenenso nyumba zidapsa, ndipo chiyankhulo chake chidali Chinyungwe. Ankayankhula osapuma. Ankacheza ndi nkhuku, ndi mtondo, ndi mtsuko wamadzi, ine n'kumatolapo mawu awa, awo n'kundipitirira. Adali ndi khalidwe limodzi limene amayi ankaliona koma osamuletsa. Pa chakudya chilichonse ankabisako pang'ono kunsonga ya nsalu yake n'kumanga mfundo. Tsiku lina nditaikhudza mfundoyo mwangozi, adandiluma pamkono mpaka mano kudinda.

Chisanu cha ku Zobue chimalowa m'mafupa. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kumeza mitengo ya mapichesi ya kuseri kwa nyumba, udzu n'kutinyowetsa mpaka m'chiuno tikamapita kumtsinje. Mang'a ankatseguka m'zidendene, amayi n'kumatipaka mafuta a nsatsi onunkha ngati mphika wopserera. Ine ndi Luiza tinkafunda chiguduli chimodzi, aliyense atatembenukira kwake, msana osakhudza msana. Kumsewu wa ku Tete kunkamveka magalimoto a asilikali akubuula pachitunda. Nthawi yokhayo ndi imene Luiza ankatseka pakamwa, ndipo tonse awiri tinkaima chilili mpaka phokoso litazimirira.

Amayi adali ndi mlongo wawo, amalume a Jusitino, amene adali mwini mbumba. Pabanjapo mawu awo ndiwo ankatseka nkhani. Tsiku lina adafika pa njinga, nakhala pa mpando, n'kundiyang'ana nthawi yaitali ndikusenda nyemba.

"Mlongo, wamkaziyu palibe vuto, madzi akutunga," adatero. "Koma mwana wosayankhula sudziwa chimene wabwera nacho. Mukamakumba mbatata ndidzamutenga ndikamusiye kutsidya kwa malire, kumene akusunga ana otere."

"Amamva zonse, achimwene," adatero amayi.

"Galu nayenso amamva."

Amayi adangoweramira m'lichero. Luiza adali pamtondo, ndipo ndidamva musi utasiya kugunda.

M'mawa mwake kumtsinje adandiimira kutsogolo, manja m'chiuno, n'kukuwa kuti, "Lewa!" Kwathu kulewa ndiko kuzemba chinthu chimene chikubwera kudzakupweteka, mwala kapena chipolopolo. Ndidadzigwetsa pansi osaganiza, nkhope m'matope, chikho n'kupita ndi madzi. Luiza adaseka mpaka kugwira m'mimba. Tsiku lotsatira adabwerezanso kuseri kwa nkhokwe, ine n'kugwanso. Masiku adapita choncho. Kuseka kudamuthera, adayamba kukwiya, poganiza kuti ndikumuchita chipongwe. Ine ndinkamuona ngati mwana wankhanza amene wapeza pamene pali bala langa n'kumapondapo dala. Uku masamba a mbatata adali akufiira, mizere ikung'aluka.

Tsiku loyamba kukumba, amayi adatisiya kumunsi kwa munda iwo ali kumtunda. Wina kuseri kwa phiri ankatentha udzu, utsi n'kumatsika ndi mphepo. Luiza adacheukira ku utsiwo. Adasiya khasu, nayandikira, n'kunena mawu aja chapansipansi, mopempha. Thupi langa silinkasiyanitsa kukuwa ndi kunong'ona. Ndidagwera m'ngalande pakati pa mizere iwiri n'kuphimba mutu.

Ulendo uno sadaseke kapena kukwiya. Ndidamva masamba akuphwanyika, kenako phewa lake lidakhudza langa. Adagona m'ngalande momwemo, tsaya padothi, mphuno yake pafupi ndi yanga. Dothi lidali lozizira, lonunkhira mizu ndi utomoni wa mbatata, ndipo nyerere zinkatiyenda m'khosi. Adayamba kufotokoza pang'onopang'ono, kusakaniza Chinyungwe ndi Chinyanja chimene adali atatola kwa amayi. Adati tsiku limene mudzi wawo udapsa, mayi ake adamubisa m'dzenje lokumbamo dongo n'kumuuza kuti asatulutse mawu zivute zitani. Ali m'dzenjemo adawamva akuitana dzina lake chapatali. Iye adamvera zimene adauzidwa, sadayankhe. Kenako kuitanako kudaleka.

Atamaliza adaika chala pamilomo yake. "Ine ndalewa," adatero. Chala chomwecho adachiika pamilomo yanga. "Tsopano iwe. Lewa."

Pamenepo m'pamene ndidazindikira. Kwawo kulewa ndiko kunena. Masiku onse aja mwanayu sankandiopseza, ankandipempha kuti ndiyankhule amalume asanabwere.

Mawu oyamba adatuluka okhakhala ngati chitseko cha nsungwi chikukwekwereza pansi. Lidali dzina la mng'ono wanga, Tomasi. Ndidamuuza Luiza kuti tinkathawa m'munda wa chimanga, Tomasi ali pambuyo panga atagwira malaya anga. Bambo adakuwa kuti lewa, ine ndidawerama. Chimene chinkabwera kwa ine chidapeza Tomasi. Sindikudziwa kuti Luiza adamvapo zingati, chifukwa ndinkayankhulira m'dothi. Adakhala tsonga, namasula mfundo ija ndi mano, natulutsa kambatata kootcha kadzulo, kozizira, kodzaza phulusa. Adakanyema pakati. Adayerekeza zidutswa ziwirizo, chachikulu n'kundipatsa ine.

Dzuwa litapendeka amalume adafika kumunda akukankha njinga, atamanga kale chiguduli pakaliyala kuti ndikhalepo. Amayi adawongoka, dzanja limodzi pamsana, osayang'ana aliyense.

"Tiyeni, abwana osayankhula," adatero amalume. "Malire satidikira."

Luiza adanditsina m'nthiti. Ndidayang'ana zala zanga zakumapazi n'kunena kuti, "Amalume, mbatata sitinamalize. Mana Luiza sangathe yekha." Mana ndi momwe ana a kumeneko amaitanira mlongo wawo wamkulu. Ndidali nditamva anzathu akutero kumtsinje, ndipo mawuwo adabwera okha.

Amayi adakhala pansi pamzere pomwepo, khasu lili pamiyendo. Amalume adandizungulira ngati akugula mbuzi.

"Kani lilime mudalikwirira ndi mbatata? Dzina lako ndani?"

"Benedito."

"Benedito, ukudziwa kuti wandiyendetsa ulendo wachabe?"

Sadanenenso za kutsidya. Adamasula chiguduli chija, nadzazamo mbatata, n'kumanga pamene ndikadakhala ine. Tidawaona akutsika chitunda, njinga ikupepeluka ndi katundu, Luiza akuzifotokozera nkhuku za kumunda nkhani yonse m'Chinyungwe. Kuyambira tsikulo tinkagona misana itagundana, ndipo chiguduli chimodzi chija chidayamba kutikwanira.

Amayi adatilera mpaka tonse tidapeza mabanja. Sukulu ndidailowa ndili kale ndi ana, ndipo dzina loyamba limene ndidapempha aphunzitsi kuti andionetse kalembedwe kake, nditatha langa, lidali la Tomasi. Mana Luiza adakwatiwa kwawo kumunsi, ndipo mgodi utakula adawasamutsira ku Mualadze, kumene akulima kamunda kouma. Mpaka lero kunsonga ya nsalu yawo sikusowa mfundo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti tsiku lija ndidangokonza cholakwa cha chiyankhulo, kuti mawu amodzi adali ndi matanthauzo awiri ndipo ine ndidagwira lolakwika. Ndinkaganizanso kuti munthu ukanena chinthu kamodzi, chatuluka, chapita. Tomasi sadapite. Ndakalamba naye atagwirabe malaya anga, ndipo pali miyezi imene ndimayenda chowerama osauza ngakhale mkazi wanga chimene chandigwira. Ikafika miyezi yotero ndimakwera galimoto ya ku Mualadze. Mana Luiza amandiona ndikadali kumsewu, amatulutsa mpando, n'kukhala pamphasa pafupi ndi mapazi anga. Safunsa za ulendo. Amangoti, "Lewa." Khosi limayamba latsika, monga mwa kale. Iwo amadikira mpaka litadzuka.