Anandilira Ndili Pakhonde

Ine pakamwa panga sipatuluka mawu owuma. Poitana nkhuku ndimayimba, pokalipa ndimayimba, ngakhale popempha mchere kwa aneba mawu amakwera okha n'kutsika okha. Anthu a kwathu kuno, kumwera kwa Embangweni, anazolowera kalekale. Amati gogo uja akayankhula mowongoka dziwani kuti wadwala. Ndiye chaka chimenecho ndinadwaladi. Chifuwa chinandigwira mvula itangosiya, chinandigoneka m'chipatala, mawu anga n'kusanduka a chule wam'chitsime.

Amene ankandidikirira kuchipatalako ndi mkamwana wanga, mkazi wa mwana wanga wamwamuna. Mwamuna wakeyo anali ku Joni, ankasamalira maluwa panyumba ya mzungu wina. Mapepala ake anali atatha kale, ndipo kuno aliyense amadziwa zimene zimachitika: munthu wotere akangotuluka m'dziko muja, chitseko chimatsekeka kumbuyo kwake, ntchito imatsala komweko. N'chifukwa chake sankabwera, ngakhale pa Khirisimasi. Ankangoti, "Amama, limbani mtima, ndimalize kaye nyumba."

Tsiku londitulutsa m'chipatala, ee, tsiku lake limenelo! Dzuwa linali lokoma ngati uchi, mphepo yonunkhira chimanga chouma. Tili pachipata kudikira galimoto, mkamwana anatulutsa foni.

"Amama, tiyeni tiwauze anthu kuti mwachira. Yankhulani apa, ndijambule mawu, ndiponye pagulu."

Gulu limeneli ndi la pafoni, la anthu ochokera m'midzi yathu ino. Ena ali ku Joni, ena ku Mzuzu, ena amacheka matabwa ku Chikangawa. Munthu amaponyapo chithunzi, kapena nkhani, onse n'kuona. Mawu akaponyedwa amaoneka ngati kamzere kokhala ndi kamuvi kumayambiriro. Ukadina kamuviko, munthu amayankhula ngati wakhala m'dzanja mwako.

Ndinagwira foni ndi manja awiri, ndipo chimwemwe chinandikwera pakhosi. Ndinayimba, pang'onopang'ono chifukwa mpweya unali udakali wochepa:

"Ululu watha, ana anga, ululu watha. Ndikupita kwathu lero, ndikupita kwathu. Musandidandaule, ndikukapuma ine. Yewo chomene nonse amene munandikonda."

Kwathu ndinkanena nyumba yanga ya njerwa, nkhuku zanga, mbatata yanga yosakumba. Kupuma ndinkanena pamphasa panga. Mkamwana anati mawu okha sakwanira, pafunika chithunzi. M'foni mwake chithunzi changa chabwino chinali chimodzi chokha: ndavala bulauzi yoyera ya amayi a umanyano a kutchalitchi kwathu, duku loyera, manja ndapinda pachifuwa. Anaponya chithunzicho, pansi pake kamzere ka mawu kaja, n'kulemba mawu awiri okha, "Amama athu." Foni inalira kamodzi ngati kamwanapiye, n'kuzima. Moto unali utatha. Tinakwera galimoto tikuseka. Kumudzi kwathu kulibe magetsi, ndipo netiweki imafika ikafuna yokha.

Mawa lake dzuwa litapendeka ndinali pakhonde, ndikusenda nyemba. Mudzi unali zii, anthu onse ali kokolola. Mbwenu ndinamva kulira kutali, kumunsi kwa dambo. Poyamba ndinati ndi mphepo m'mabulugamu. Koma kunali kulira kwa amayi, kwenikweni, kuja amakuyambira kunja kwa mudzi akamabwera kumaliro. Kunkakwera ndi njira, kukuyandikira, kukuyandikira. Nkhuku zinathawira kunkhokwe. Ndinayamba kuwerenga m'mutu odwala onse a m'mudzi, ndipo monga mwa mwambo nanenso ndinakweza mawu, kuwalandira. "Mayo ine, mayo! Ndani watisiya, mayo!"

Anatulukira pakona ya khola. Kutsogolo kunali alamu anga, mlongo wawo wa malemu amuna anga, chitenje chili m'chiuno, manja ali kumutu. Kumbuyo kwawo amayi a m'mudzi mwawo atasenza mitolo ya nkhuni ndi ufa. Ankalira akutchula dzina langa.

Atandiona, kulira kunaduka ngati ulusi. Mayi wina anaponya nkhuni pansi n'kuthawira m'chimanga. Alamu anaima chilili, pakamwa pali yasa.

"Alamu, wamwalira ndani?" ndinafunsa.

"Inuyo."

"Ine ndikusenda nyemba."

"Ndikuona. Koma ku Joni mwamwalira dzulo."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, osayandikira khonde. Anati mwana wawo wamkazi, amenenso ali ku Joni, anawaimbira akulira. Pagulu paja chithunzi cha munthu wamkulu atavala zoyera chimaponyedwa pa chifukwa chimodzi chokha. Ambiri sanadine n'komwe kamuvi, bandulo ndi yovuta, anangoona chithunzi n'kuyamba kulemba mapepani. Amene anadina ndiwo analira koposa. Anati gogo watsanzika ndi nyimbo, wanena yekha kuti akupita kwawo. Anayesa kuimbira mkamwana, foni yosagwira, ndiye anati basi, ali pa chisoni.

Mkamwana anali atafika kuchokera kumunda, dengu lili pamutu. Anafunsa ndi mawu aang'ono, "Nanga bambo ake a ana?"

"Wanyamuka," anatero alamu. "Sanadikire. Wakwera galimoto za anyamata onyamula katundu aja."

Dengu linatsetsereka lokha, chimanga n'kumwazika.

Ndinafuna kuseka, chifukwa ine chilichonse ndimayamba n'kuseka, koma alamu anandiyang'ana ndi diso lija limene anandiyang'ana nalo tsiku loika amuna anga.

"Musaseke, alamu. Awa ndi malodza. Kulira kukatuluka m'kamwa sikubwerera m'mimba ayi. Talira kuchokera kudambo mpaka pakhomo pano. Kulira kumeneku kukufuna munthu wake, ndipo inu mwakukana."

Tonse tinayang'ana kumwera, kumene kuli njira yaitali ija, ya malire atatu, ya mitsinje ndi minga, imene mwana wanga anali atalowamo wopanda mapepala, akulirira mayi amene akusenda nyemba.

M'mawa tinapita ku Boma, ine ndi mkamwana, kukafuna moto wa foni ndi netiweki yeniyeni. Mumsika muli bambo wina wachisilamu, wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka, amagulitsa mabatire, matochi ndi zingwe za mafoni. Anthu amatchajitsa pamenepo. Tikuyandikira benchi lake ndinamva nyimbo. Ndinaima. Anali mawu anga, akutuluka m'foni ya mayi wina wogulitsa tomato, ofooka, onjenjemera: ululu watha, ana anga, ululu watha. Amayi angapo atazungulira, wina akupukuta misozi.

Ndinamvetsera mpaka kumapeto. Ndikuuzeni zoona, nanenso ndinamumvera chisoni gogo ameneyo. Ankamveka ngati munthu amene waima kale kutsidya kwa mtsinje.

"Akuti anamwalira atangomaliza kuyimba," anatero wa tomato uja, akundiuza ineyo. "Imfa yabwino chomene."

"Sanamwalire," ndinayankha. "Akufuna tomato wosaphwanyika."

Bambo wa mabatire anandiyang'ana, anayang'ana chithunzi cha pafonipo, anandiyang'ananso. Anachotsa magalasi.

"Mayi, khalani pansi apa. Inu ndi omwewa?"

"Ndine ndemwe, bambo."

"Dzulo ndakupemphererani."

"Yewo. Musabweze pempherolo, ndidzaligwiritsa ntchito."

Foni ya mkamwana itayaka inanjenjemera ngati nkhuku yodulidwa mutu, mauthenga akugwa ngati matalala. Anayesa nambala ya mwamuna wake. Mayi wam'foni uja anayankha kuti siikupezeka. Anayesanso. Chimodzimodzi. Anafufuta chithunzi ndi mawu aja pagulu, koma bamboyo anapukusa mutu.

"Mwachotsa panu pokha. Anthu atumizirana kale. Afika kutali kuposa kumene inu munafikako ndi miyendo. Jambulani ena. Koma mayi, chonde, ulendo uno musayimbe. Yankhulani ngati pawailesi."

Ndinawongola msana. "Ine sindinamwalire. Ndili moyo. Ndili ku Boma. Amene ali ndi mwana wanga amuuze abwerere kuntchito." Mawu anatuluka owuma ngati chitsa. Mkamwana anaponya.

Sipanatenge nthawi. Anayamba kundiwerengera mayankho, nkhope yake ikugwa. Wina analemba kuti awa si mawu a gogo uja, gogo uja sayankhula choncho. Wina anati ndi akuba a pafoni, akufuna kusokoneza maliro. Wina, mwana amene ndinamusambitsa ndekha ali khanda, analemba kuti tiziopa Mulungu, tisamasewere ndi akufa.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinalanda foni, mkamwana anadina, ine n'kutsegula pakamwa pakati pa msika:

"Iwe mwana wa kuseri kwa dambo, iwe, ndinakusambitsa uli ndi zipere, lero ukundiika m'manda! Ndili pano, ndili pano, ndagwira tomato m'manja, fumbi la ku Boma lili m'mphuno. Ndikupita kwathu kwa nkhuku, osati kwathu kwa angelo! Mwana wanga mwamuona? Mwana wanga ali kuti?"

Msika wonse unaseka, ndipo pagulu anakhulupirira. Mapepani anasanduka nthungululu. Koma funso langa lomaliza palibe anayankha. Mmodzi anati anamuona akukwera galimoto yoyera. Wina anati ayi, inali yabuluu. Anyamata a ku Boma amene amadziwana ndi madalaivala a njira imeneyo anaimba uku ndi uku, n'kutiuza kuti galimoto zanyamuka zambiri sabata imeneyo, ndipo zina zikafika pamalire anthu amatsika n'kudzera m'tchire. Uthenga wa mkamwana kwa mwamuna wake unangokhala pomwepo, wosafika.

Tinabwerera kumudzi. Masiku amene anatsatira sindinayimbe. Sindinachite kusankha, pakhosi panangotseka. Nkhuku ndinkaziitana ndi chimanga chokha. Alamu anakana kubwerera kwawo, anati adikira aone mapeto ake, ndipo nkhuni zimene amayi aja anabweretsa zinakhala paja anaziponya, palibe anafuna kuzisonkhera. Njinga yamoto ikamveka kumsewu, tonse tinkasiya zogwira. Ikapitirira, tinkapuma. Galu akauwa kudambo, ndinkatchera khutu kuti ndimve ngati kumbuyo kwake kukubwera amayi. Mkamwana ankakwera pachulu m'mawa ndi masana, foni ili m'mwamba ngati akupereka nsembe, n'kutsika wopanda uthenga. Sindinamudzudzule. Chithunzi anasankha ndi iye, koma nyimbo inali yanga.

Mwana wanga anafika masana ena kukutentha, wapansi, wopanda kulira. Ndinangoona munthu ataima pansi pa mtengo wa masuku kunja kwa bwalo, wowonda, nsapato zong'ambika, chikwama chimodzi paphewa. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana nyumba, akufunafuna chisakasa cha maliro, akufunafuna phulusa la moto wa anthu ambiri. Pa Jenda wina anali atamuuza kuti amako ali moyo, koma iye anati amangomutonthoza.

Ndinatsika pakhonde.

"Dada," ndinamuitana, monga ndinkamuitanira ali mwana.

Sanasunthe. Ndinafika pafupi. Anatambasula dzanja, anandigwira pamkono, n'kufinya mpaka ndinamva kuwawa.

"Amama, ndinu?"

"Ndine, dada. Ukundithyola."

Pamenepo anagwada, nkhope n'kuikwirira m'chitenje changa, ndipo mawu anga anatseguka okha. Ndinayimba, ndinavina pafumbi ndi chifuwa changa chobooka, alamu akundikoka poopa kuti ndigwa. Wabwera, wabwera ndi miyendo yake! Mudzi wonse unathamanga kuchokera kuminda.

Zina tinazimva pambuyo, pang'onopang'ono, chifukwa mwana wanga sakonda kuzikamba. Nyimbo ija anaimva kamodzi kokha, ali pakati pa maluwa a mzungu, n'kusiya payipi ikutuluka madzi. Foni anamulanda anthu ena panjira. Pamalire anamudindira chidindo choti asadzalowenso kwa zaka. Ntchito inapita. Nyumba yake yaima pamawindo, udzu ukumera mkati. Tsopano amakwera malole a matabwa ku Chikangawa, amabwera Loweruka manja ali ndi utomoni. Ine ndimamuona sabata iliyonse, ndipo ndikanena kuti sindikondwera ndinama. Koma nthawi zina ndikamayimba pabwalo amadzuka mwakachetechete n'kupita kuseri kwa nyumba.

M'chikwama muja munalibe zovala zake. Munali bulangete limodzi, latsopano, lolemera, la maluwa ofiira, limene anagula pothamanga kuti adzandifunditse m'bokosi. Alamu anati tiliwotche kapena tilipereke kutali. Mkamwana anati tiligulitse. Ine ndinakana, ndi mphatso ya mwana wanga. Lili pamwamba pa kabati, likadali m'pepala lake la pulasitiki. Chisanu cha kuno chikalowa, bulangete langa lakale silikwanira, mafupa amalira. Ndimaliyang'ana, lofewa, lokongola. Sindinalitsitsebe.