Likhweru la Alamu Anga a Darwish

M'tauni yathu ino ya Khasab mukafunsa za a Darwish, palibe angakuuzeni za nkhope yawo. Aliyense amatchula likhweru. Ndi alamu anga, anakwatira mlongo wanga Moza, ndipo timagwira ntchito pa bwato limodzi lonyamula alendo odzaona madolofini. Ine ndimaphika mpunga ndi kuwotcha nsomba, iwo ankaima kutsogolo kwa bwato, zala ziwiri zili m'kamwa.

Likhwerulo anaphunzira kwa bambo awo, amene ankaitanira mbuzi m'mapiri. Usodzi unawakanika, kuyendetsa galimoto kunawakanikanso, koma ili lokha linawapatsa dzina. Akaliimba, kaputeni n'kuthamangitsa bwato, madolofini ankatumphuka m'mbali, alendo n'kumakuwa. A Darwish ankatembenuka akudziguguda pachifuwa. "Ana anga awa, amandidziwa mawu."

"Nanga ana anu enieni aja bwanji sabwera mukawaitana?" ndinkawaputa choncho.

"Phikani mpunga, alamu. Za m'nyanja zisiyireni eni ake."

Chaka chatha kunabwera achinyamata a ku likulu, ku Muscat, ndi makamera, ati akukonza kanema wophunzitsa alendo kusamala zamoyo za m'nyanja. Mtsikana amene ankawatsogolera anati, "Bambo, ingochitani monga mwa masiku onse." Anafotokoza zinanso zambiri, koma alamu anga anatolapo mawu amodzi okha: kanema. Anakonzetsa ndevu, anavala mkanjo wa pa Idi, ndipo anaimba likhweru mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka.

Tsiku lomwe kanemayo anatuluka, anaitana aneba onse. Moza anatereka khofi, anagula maswiti a haluwa, n'kulumikiza foni ku wailesi yakanema. Poyamba panaoneka bwato la Saif, munthu amene timamuseka kuti amayendetsa ngati wanyamula mazira. Anamuchonga mobiriwira. Kenako panabwera a Darwish, nkhope yophimbidwa ndi kachifunga, likhweru likumveka bwinobwino, ndipo mizere iwiri yofiira inawathetha monga amachitira mphunzitsi m'kope. Wofotokoza anati phokoso ndi liwiro zimatopetsa madolofini pa nthawi yopuma, ndipo ana amasiyana ndi amayi awo.



"Nkhope yanga aibisiranji?" anafunsa a Darwish.

"Akutetezani, alamu."

"Kwa ndani? Ndaba cha yani? Nanga zofiirazo ndiye kuti ndapambana, kapena bwanji?"

Anthu anamwa khofi wotentha mwachangu n'kumatsanzika. Kubisa nkhopeko kunali kudzivuta chabe, chifukwa likhweru limenelo ngakhale mbuzi za m'tauni muno zimalidziwa.

Nanenso mutu unandizungulira. Mtsikana uja ankaoneka waulemu, ndipo zimene kanemayo ananena sizinkamveka zabodza. Komanso ndinali nditaona ndi maso angawa madolofini akubwera alamu akaimba. Kanemayo anafalikira m'mafoni, alendo anayamba kufunsa bwato lopanda phokoso, ndipo kaputeni analamula: kuthamanga kuthe, likhweru lithenso.

"Muona, sabwera," anandiuza a Darwish tikukweza madzi akumwa padoko. "Akafika pamalo pathu paja osandimva, aziganiza kuti ndafa." Sananene mokwiya ayi. Ankawadera nkhawa zenizeni.

Tinalowa pakati pa mapiri pang'onopang'ono, injini ikungong'ung'udza. Iwo anaima malo awo akale, manja atawapinda kumbuyo kuti asayesedwe. Nthawi inapita nyanja ili phee, ndipo ndinaona akumwetulira chamumtima. Kenako msana wotuwa unatumphuka. Wina unatsatira, kenako wina ali ndi kamwana pambali. Anazungulira bwato mosafulumira, ndipo anakhalitsa kuposa masiku onse. Alendo ankangonong'onezana, mafoni ali m'mwamba.

Ndinali nditakonza kale mawu osekera alamu anga, koma nditawaona nkhope ndinawameza. Anandimvetsa chisoni kwambiri. Anabwera kumene ndinkawotcha nsomba n'kukhala pa thumba la mpunga.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "ndiye kuti zaka zonsezi ankangobwera okha?"

Ndinatembenuza nsomba yomwe ndinali nditaitembenuza kale.

"Nanga ine ndinkaitana ndani?"