Mpiru wa Tiwonge Kuseri kwa Khitchini

Kwathu ku Wimbe mwezi wa Okutobala unalibe chisoni. Dzuwa linkawotcha kuyambira m'mamawa, fumbi n'kumalowa mpaka m'mano, ndipo ndiwo zinali mfutso lero, mfutso mawa. Madzi a pachitsime cha kudambo anali ndi mwini wake, nazale ya fodya ya abambo. Ife anthu tinkamwa otsala. Ndikukumbukira kuti nditapempha kabedi kamodzi pambali pa nazaleyo kuti ndibzale matimati, abambo anandiyang'ana ngati ndatukwana. Ankati matimati amapatsira fodya matenda, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kunyumba kunabwera msuweni wanga Tiwonge, mwana wa amalume a ku Nkhamenya, amayi ake atamwalira. Tinali a msinkhu umodzi. Anali wofatsa, Chichewa chake chokokera ku Chitumbuka, ndipo amayi anga iye ankawaitana kuti "ankhazi", kutanthauza azakhali. Poyamba ndinamukonda, poti tinkagawana ntchito yotunga madzi. Chikondicho chinayamba kuchepa tsiku limene anapempha matumba akale a feteleza, ong'ambika aja osayeneranso kusungiramo chimanga.

Anadzazamo dothi la pachulu losakaniza ndi manyowa a mbuzi, n'kuwandandalika m'mphepete mwa thandala loyanikapo mbale, kuseri kwa khitchini. Madzi onse odontha m'mbale ankathera m'matumba akewo, otsukuluzira ziwiya nawonso sankawatayanso pabwalo. Anatchingira ndi mapesi kuti nkhuku zisafike, n'kufesamo mpiru ndi anyezi pang'ono. Ine ndinamuseka kwambiri. Koma mpiru utamera ndinasiya kuseka, ndinapempha matumba anga anayi, n'kufesamo mpiru nanenso. Angawo ndinawaika kumaso kwa nyumba, padzuwa penipeni, kuti aliyense wodutsa pamsewu aziona kuti panonso pali mlimi. Odutsawo ankaonadi: timasamba tachikasu, towonda, tongogona pofika masana.

Chimene chinkandipweteka si mpiru ayi, koma mawu a amayi. Mlendo aliyense ankatengedwa kukaona kuseri kwa khitchini. "Mwana uyu ali ndi dzanja," ankatero amayi akumusisita Tiwonge pamutu. Za dzanja langa, limene linawasinjira mphale zaka zonsezi, palibe chimene ankanena. Ndinachita nsanje, nsanje yeniyeni yolepheretsa kumeza chakudya.

Kenaka amayi anathira mafuta pamoto. Anati kumapeto kwa Novembala adzapita ku Kasungu boma, ndipo amene ndiwo zake zidzadzaze dengu adzapita nawo kukagulitsa kumsika. Ine ndinali ndisanapondepo phula chibadwire. Za ku boma ndinkangomva kwa anzanga kusukulu: magetsi, minibasi, masitolo a magalasi. Ndiye mwana wobwera dzana akaone zimenezi ine mwini khomo nditatsala?

Masiku omwewo abambo anabwera ndi thumba la feteleza wa kuponi, atagona pamzere masiku awiri. Anali wobereketsa, woyera uja ngati shuga. Thumbalo linalowa kuchipinda kwawo, pamwamba pa njerwa, ndipo linkalemekezedwa kuposa mlendo. Abambo ankakonda kutichenjeza kuti feteleza ameneyu ndi moto, akakhudza mbewu amaiwotcha. Ena anamva chenjezo, ine ndinamva nzeru.

Lamulungu lotsatira ndinadwala mutu wabodza. Onse atapita kutchalitchi, ndinatenga singano yaitali yosokera fodya, n'kuboola pangodya ya thumba lija. Kabowoko kanali kakang'ono zedi, moti timibulu tinkatuluka kamodzikamodzi, ine thukuta lili kamukamu. Ndisanadzaze n'komwe chikhatho, ndinamva nyimbo za amayi a chigwirizano akubwerera. Ndinathamangira kuthandala, n'kugawa kapang'onoko m'matumba onse asanu ndi limodzi a Tiwonge. Poopa kuti aona zoyera, ndinaboola dothi ndi chala chapatali ndi tsinde, n'kukwirira bwinobwino. Sindinadziwe kuti ndathira ndendende mmene alangizi amaphunzitsira. Madzulo mbale zinatsukidwa monga mwa masiku onse, madzi n'kutsikira m'matumba muja.

Ndinadikira maliro a mpiru. M'mawa uliwonse ndinkazungulira kuseri kwa khitchini ngati ndikufuna chikuni. Tsiku lachinayi masamba anabiriwira. Mlungu utatha anali obiriwira mochita kudera, otambalala kuposa dzanja la abambo, onunkhira ukangowakhudza. Amayi a m'mudzi anayamba kubwera okha osaitanidwa.

"Iwe mwana, wathiramo chiyani?" anafunsa mayi wina woyandikana nafe.

"Manyowa gha mbuzi pera, amama," anayankha Tiwonge mwaulemu, kutanthauza kuti manyowa okha basi, ndipo ankanena zoona zake zonse.

Ine ndinali chiimire pambali, mtima ukuwira. Ndinazindikira kuti ndamulimira mdani wanga. Basi ndinaganiza kuti ngati kapang'ono kachita zotere, zambiri zichita zodabwitsa. Nditapeza mpata ndinakuza bowo lija, n'kutapa zikhatho ziwiri zodzaza. Ndinakhuthulira patsinde penipeni pa timpiru tanga, masana dzuwa lili paliwombo, popanda ndi dontho lomwe la madzi. Apa ndiye mawu a abambo anakwaniritsidwa. Pofika mawa lake masamba anali atapsa ngati awauka pamoto, ndipo tsiku linalo m'matumba munangotsala timitengo.

Abambo ataona bowo ndi timibulu pansi anaima nthawi yaitali atagwira m'chiuno. "Makoswe a chaka chino afika podya feteleza?" anatero, n'kupita kukatchera msampha. Ine ndinawathandiza kusaka kanyambo.

Tiwonge anandipeza nditakhala pafupi ndi matumba anga opsawo. "Tadala, tenga matumba anga awiri akhale ako," anatero. "Tikawauze ankhazi kuti tipite tonse." Ndinamuyankha kuti sindidya zopemphetsa. Kukoma mtima kwakeko kunandipsetsa mtima kuposa mpiru wake.

Tsiku la ulendo dengu linadzaza mpaka kusefukira. Poti Tiwonge analibe nsapato, amayi anamubwereka zanga za pulasitiki, zakutchalitchi. Ndinaima pamsewu osavala kanthu kuphazi, kuyang'ana matola ikunyamuka m'fumbi. Nsapato zanga zinakaponda phula ine ndisanaliponde. Madzulo anandibweretsera mandasi atakulunga m'pepala. Ndinalandira osathokoza, ndinakadyera kuseri kwa nkhokwe, ndipo ankakoma kwambiri, zimene zinandiwawanso.

Lero zinthu zinasintha. Mvula ikubwera mochedwa kuposa kale, dambo lija linauma, ndipo ulimi wa m'matumba suchititsanso manyazi. Ine ndimakhala ku boma komweko, m'nyumba ya lendi ya bwalo longokwana chingwe choyanikira zovala, ndipo phula ndinatopa nalo. Ndili ndi matumba anga a repu pafupi ndi mpopi, amakula bwino ndithu. Tiwonge anabwerera ku Nkhamenya, kumene amaphunzitsa amayi anzake kulima ndiwo pakhomo. Nthawi zonse amayamba ndi nkhani ya mpiru wa chaka chija, wokula ndi manyowa a mbuzi okhaokha, ndipo amayiwo amawomba m'manja.

Ndinamumvapo kamodzi akuifotokoza ine ndili pomwepo. Kunena zoona, kansanje kaja kanandilumanso, ine mayi wamkulu wa ana atatu. Ndinatsala pang'ono kuimirira kuti anthu adziwe kuti theka la ulemu umenewo ndi langa. Koma akanandifunsa chifukwa chimene ndinathirira fetelezayo, pamaso pa mwana wamasiye amene anafuna kundigawira matumba ake. Ndinangokhala phee pamalo panga, n'kuwomba nawo m'manja.