Botolo la Mafuta Pansi pa Lole ya Ama Edith

"Katatu, Ada! Bering'i yomweyomweyo katatu!" anatero Ama Edith, manja ali m'chiuno. "Ikafanso ulendo uno, loleyi ndipita nayo ku Mzuzu, anthu adziwe kuti manja a Griffin Mhone akalamba."

Ada Griffin anaseka ali pansi pa lole, koma mawuwo anawalasa. Zaka makumi anayi akukonza magalimoto kuseri kwa nyumba yawo pa Chintheche, panalibe ndi imodzi yomwe inawathawirapo ku Mzuzu. Kukanakhala ku Joni, bwenzi atangolumikiza kompyuta n'kuwerenga matenda. Iwo kompyuta yawo inali sikuludiraiva: nsonga pa giyabokosi, chogwirira pakhutu.

Lole ya Bedifodi yakalekaleyi Ama Edith anawasiyira ndi malemu amuna awo, ndipo inkatuta mpunga ku Limphasa. Chaka chino bering'i ya kumchira kwa giyabokosi inkangotha mwezi umodzi, n'kuyamba kulira ngati chigayo.

Ali mkati moganiza, Ada Griffin anadabwa: anali atakhala tsonga pansi pa loleyo osagunda mutu, pomwe kale ankachita kukwawa.

"Ama, kodi loleyi yatalika liti? Ikukula ngati mwana?"

"Ndi mlamu wanga Jones. Anawonjezera zitsulo za sipuling'i kumbuyoku kuti tizikweza matumba ambiri."

Ada Griffin anathamangira kukhitchini kwa akazi awo, a Hannah, n'kubwerako ndi botolo la mafuta ophikira lotsala theka. Analigoneka pa giyabokosi, mafuta ali phee pakati. Ataligoneka pa shafuti, chitsulo chachitali chija chimene chimazunguza matayala akumbuyo, mafuta onse anathawira mbali imodzi.

"Onani, Ama. Shafutiyi imayenera kutsika pang'ono chabe. Pano yatsetsereka ngati msewu wa pa Chiweta. Ikamazungulira ikugwedeza giyabokosi, bering'i n'kumangolandira zibakera. Bering'i sinalakwe, inenso sindinalakwe. Wofunika kukonza ndi Jones."

"Nanga matumba anga?"

"Maulendo awiri, kapena bering'i mwezi ndi mwezi. Sankhani."

Ama Edith ananyinyirika, komabe zitsulo za Jones zinachoka, bering'i yatsopano inalowa. Anayiyesa loleyo mpaka ku Kande n'kubwerera, dzanja la Ada Griffin lili pandodo ya magiya. Ndodo ija, imene inkanjenjemera ngati ya malungo, inali zii.

"Ndiye za ku Mzuzu zija, Ama?"

"Ku Mzuzu n'kutali, Ada. Komanso kumazizira."

Panatsala mlandu umodzi. Botolo lija linali litada bii, ndipo a Hannah anali atakuwa kale pampanda kuti usipa sakazingira girisi. Ada Griffin anatsikira pagolosale, anagula kabotolo ka mafuta, n'kukaponya m'thumba la ovolosi. Anauyamba wa kunyumba akuimba mluzu, kabotoloko kakuwagunda pantchafu.