Mayi Anatola Mpira pa Penate

Ndikukumbukira Lachisanu lina la mu Febuluwale, ndili Sitandade 7, pamene timu ya sukulu yathu inapita kukasewera ndi sukulu ya kutsidya, cha kufupi ndi Limbuli. Pakati pa sukulu ziwirizi pali mtsinje wochokera m'phiri, ndipo masiku amenewo panalibe mlatho, tinkangopinda makabudula n'kuwoloka. Aliyense kwathu ankadziwa kuti mvula ikagwa m'phirimo mtsinjewo umadzaza mosaodira, ngakhale kumudzi kukuwala dzuwa. Koma mwana akakhala pa mpira amaiwala ndi dzina lake lomwe.

Tinapita ana khumi ndi anayi, ndi aphunzitsi a Chirwa, omwenso anali oyimbira. Iwowa anali atangobwera kumene kuchokera ku Kasungu, khalidwe la phiri lathu asanalidziwe. Kunatentha tsikulo. Udzu wa pabwalo unkanunkha chinyontho, thukuta likuwawa m'maso, ndipo mapazi athu opanda nsapato anafiira ndi dothi. Chakumapeto kwa chigawo chachiwiri, palibe amene wagoletsa, wotchinga kumbuyo wa anzathuwo anandipinga mwendo pafupi ndi golo. Wezulo inalira. Penate! Ine amene ndinali ndisanagoletsepo chaka chonse ndinaika mpira pansi, n'kubwerera m'mbuyo modzimva ngati tambala.

Ndisanathamange, ndinaona mzimayi akulowa m'bwalo, dengu lothyolera tiyi lili kumsana. Anali mayi anga, akuchokera ku esiteti. Anafika, n'kutola mpira uja, n'kuuponya m'dengu ngati dzungu. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ine manyazi anandigwira moti ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Mayi, masewero sanathe!" anatero a Chirwa.

"Atha, aphunzitsi. Tacheukani muone phirilo. Mukachedwa, ana awa sawoloka."

Tonse tinacheuka. Mutu wa phiri unali utada bii, ndipo m'matanthwe munali mizere yoyera ya madzi imene m'mawa munalibe. A Chirwa anayang'ana dzuwa, anayang'ana mayi, kenako anaimba wezulo katatu. Ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa sanachite makani.

Tinathamanga m'kanjira kodutsa m'minda ya chimanga, ine ndili kumbuyo kwenikweni, nditafufuma ndi mkwiyo. Ndinkayenda mwadala pang'onopang'ono kuti mayi adziwe kuti andilakwira. Pamtsinje madzi amene masana anali m'akakolo anali atafika m'mawondo, ofiira, akutenga masamba ndi tizitsotso. Mayi anaima pakati pa madzi n'kumapatsira ana mmodzimmodzi kwa aphunzitsi. Ine ndinafika womaliza, ndikukokabe miyendo. Anandigwira khutu, osati mkono, n'kunditulutsira kutsidya.

Tisanafike n'komwe pamwamba pa chitunda, tinamva mkokomo ngati wa mathirakitala a ku esiteti. Kumtunda kunatulukira chimadzi chakuda chitasenza mitengo, nthochi ndi mizu yake yomwe, miyala ikugundana pansi. Mwala umene ndinapondapo pomaliza unamira tikuona. Mphepo yake inali yozizira, yonunkha dothi. Mkwiyo wonse unathera pomwepo.

A Chirwa anayamba kutiwerenga. Anapeza khumi ndi atatu. Anawerenganso, khumi ndi atatu. Nkhope yawo inasintha, mpaka mayi anati, "Uyu mwamugwira dzanjayu simukumuwerenga?" Tinaseka mpaka misozi, aphunzitsi atangokhala pansi m'matope ndi buluku lawo losita. Sindinamvepo mtima kupepuka ngati tsiku limenelo. Mvula inatipeza titafika kale pasukulu.

Lero pamalo paja pali mlatho wa simenti, ndipo za nyengo amatichenjeza pa wailesi ndi pa foni. Komabe oyimbira akaimitsa mpira chifukwa cha mvula kapena mphenzi, anthu amawakuwiza ngati aba nkhuku. Ine sindikuwiza nawo. Anzanga a timu ija ndimakumana nawo: wina amayendetsa minibasi pa Nkando, wina ndi m'busa, wina ali ndi zidzukulu kale ngakhale ndevu zake sizinayere. Amandinyogodola kuti penate ija ndikanaphonya ndithu, ndipo mwina akunena zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti tinapita khumi ndi anayi, ndipo tonse khumi ndi anayi tinakula.