Mpunga wa kumathero a ngalande

Ananditumiza kusikimu ya mpunga kufupi ndi Chilumba ndili mlangizi wongotuluka kumene kusukulu, buku langa la ulimi kukhwapa, mtima uli m'mwamba. Kwathu ku Dedza mpunga ndinkangouonera m'mbale, koma ndinafika kuno kudzaphunzitsa anthu obadwira m'matope kulima kwake. Lamulo la sikimu linali losapita m'mbali: munda ndi wa boma, ukalephera kukolola kawiri komiti imakulanda.

Kumathero a ngalande, kumene madzi ankafika atatopa kale, kunali munda wa mayi wina wamasiye wa ana anayi. Chaka choyamba anali atalephera kale. Nditafika, masamba a mpunga wake anali atapsa kunsonga, ndipo m'mizere dothi linkatuwa ngati pathiridwa ufa. Ndinatsegula buku n'kumuuza kuti mbewu ili ndi njala, athire fetereza wina.

Mayiyo anatapa dothi ndi chala n'kulawa.

"Yayi, alangizi," anatero. "Iyi si njala. Ni mchere uwu. Ng'ombe za adada zikanyambitanga pano kale, sikimu isanabwere."

Ndinaseka. Ndimachita manyazi mpaka lero ndikakumbukira kuseka kumeneko. Ndinamuuza kuti boma silinanditumize kudzamva za ng'ombe, ndipo wokana malangizo masiku amenewo ankaoneka ngati wokana boma lenileni. Mayiyo anangoti, "Enya, napulika," kutanthauza kuti wamva, n'kuthira feterezayo ine ndikuonerera.

Pasanathe milungu iwiri theka la munda linauma. Koma pakati panatsala mapando obiriwira, aafupi, olimba. Mayiyo anaika mtima wake wonse pamenepo. Ankapalira ndi manja, ankalondera madzi kuti a kumtunda asamutsekere, ndipo ankati ukacha asungako mbewu, poti mpunga wopirira chotero sungamugwiritse mwala. Nanenso ndinayamba kuyenda modzitama, ndikuloza mapandowo kwa aliyense wodutsa.

Zimene zinkachitika m'mapandomo ndinadzazimva patapita zaka, pamaphunziro ena a alangizi. Mphunzitsi anatiuza kuti selo lililonse la chomera, kachigawo kake kosaoneka ndi maso, lili ndi malangizo obadwa nawo, ambirimbiri, ndipo siliwagwiritsa ntchito onse nthawi imodzi. Mchere ukachuluka limatseka ena n'kutsegula ena: otulutsa mchere, osunga madzi. Ntchito ya kukula ndi kubala imayamba yaima kaye, mphamvu zonse zimathera pa kusafa. Anawonjezera kuti fetereza pa dothi lotere amangoonjezera ululu, chifukwa nayenso ndi mchere. Anzanga ankalemba m'makope. Ine cholembera chinandikanika.

Mpungawo unatulutsa ngala, koma ngalazo zinaima chilili, zosawerama. Mlimi aliyense amadziwa tanthauzo lake: m'kati mulibe kanthu. Mayiyo anamweta ndithu, n'kupuntha pamaso pa akomiti atatu ndi ine. Atapeta, mphepo inatenga pafupifupi zonse. M'lichero munatsala mpunga wosadzaza n'chikhatho chomwe.

Wapampando, bambo wa baji ya chipani pachifuwa, anatembenukira kwa ine.

"Alangizi, kodi amayiwa amatsatira malangizo?"

Apa mpamene ndikanalankhula. Ndikanati anatsatira, ndipo n'zimene zapha munda, wolakwa ndine. Koma kuvomera kuti malangizo a boma apha munda kunali kudziitanira zimene palibe ankazitchula mokweza, ndipo ine ndinali ndi mantha. Ndinayang'ana m'buku langa n'kunena kuti mwina madzi sankawasamala bwino.

Mayiyo anakhuthulira tinjere tija pansonga ya chitenje n'kumanga mfundo. Kenako anagwada monga mwa mwambo, pamaso pa anthu amene tinkamulanda chakudya cha ana ake, n'kundiyang'ana ine ndekha.

"Yewo, alangizi," anatero. "Mwatisambizga."

M'chilankhulo chakwawo anali kundithokoza kuti ndawaphunzitsa. Ndinasaina pepala lomulanda munda iye akadali chigwadire.